Nsapato Imodzi Ija Inali Yanga

Pamwamba pa kabati ya pabalaza pathu pali nsapato imodzi, ya kumanzere. Ndi ya chinsalu chakuda, kumbuyo kwake n'kopindikira m'kati, chingwe chake chinaduka n'kumangidwanso mfundo. Amayi amaipukuta fumbi Loweruka lililonse pamodzi ndi mbale za alendo ndi chithunzi cha ukwati wawo. Mlendo akangokhala pansi, asanamalize ndi madzi omwe, Bambo amakhala ataitsitsa kale.

"Mukuiona iyi?" amatero. "Iyi ili ndi phiri lake."

Nthawi imeneyo ine ndimakhala ndaima kuseri kwa chitseko, thireyi ili m'manja. Ndimadziwa kuti aitembenuza, aonetsa kunsi kwake, aonetsa mfundo ija, koma sakweza kalilime kake. Pansi pa kalilimeko pali kanyenyezi ka inki yabuluu. Ndinakajambula ndine ndili Fomu 1, kuti anzanga asandisinthire nsapato tsiku la masewera. Nsapatoyo ndi yanga, koma phirilo ndi la achemwali anga.

Bambo amagwira ntchito ku ofesi ya zamadzi, ndipo ntchito yawo ndi yoyeza mvula. Ali ndi zitini zisanu zoyezera, zoikidwa m'malo osiyanasiyana m'mapiri a kumtunda kwa tauni yathu. Chitini chilichonse chili ndi fanulo yolowetsera madzi pamwamba. Mvula imalowa n'kusungika, ndiye kumapeto kwa mwezi munthu amakaikhuthulira m'galasi lalitali la mizeremizere, n'kulemba mamilimita ake m'buku la chikuto chobiriwira. Zitini zinayi Bambo amazifikira pa njinga. Chachisanu chili pansonga ina yakutali, yobisika kuseri kwa mapiri anzake, moti m'tauni imaoneka m'mawa mokha, mvula ikakhala kuti yatsuka kumwamba. Imaoneka ngati kadzino kotuwa. Kulibe mudzi, kulibe msipu, ngakhale nkhuni zenizeni kulibe. Munthu analibe chokatenga kumeneko, n'chifukwa chake nsongayo inalibe dzina. Ku ofesi ankangoti Nambala 5.

Zaka zitatu zapitazo, pa holide, Bambo anatitenga tonse awiri. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, achemwali anali ndi ziwiri pamwamba pa zanga. Tinakwera lole mpaka kumsasa wa anthu ocheka matabwa, kuchoka apo wapansi maola atatu. Ine ndinanyamula buku. Achemwali ananyamula galasi, atavala timasandasi tawo ta pulasitiki tonyezimira, poti anati m'lolemo mungakhale anyamata.

Bambo anaterereka atangomaliza kuyeza. Mwala unali ndi ndere, phazi linalowa mumng'alu, thupi n'kupita kwina. Ndinamva kuti thyo! ngati nthambi youma. Nkhungu inali itayamba kale kukwera kuchokera m'chigwa.

Apa pali kanthu kamene ndikadumphe kaye. Ndibwererako. Ndakhala ndikukadumpha zaka zitatu, ndiye miyendo inazolowera.

Chimene aliyense amadziwa n'chakuti achemwali anathamanga okhaokha kutsika phirilo m'nkhungu. Nsapato imodzi inatsalira m'matope a pakhwawa, iwo osabwerera, mpaka anafika kumsasa chidendene chikuchucha magazi. Ocheka matabwa anataya macheka, anapanga machira ndi mitengo iwiri ndi matumba, n'kukwera. Bambo anapulumuka, ngakhale mwendo unapola mokhota. Kuyambira pamenepo ochekawo akamalozerana njira ankati, "kumtunda kuja kunachokera mtsikana wa nsapato imodzi." Madalaivala a malole anafupikitsa. Chaka chisanathe, ana a sukulu ankaloza kadzino kotuwa kaja n'kumati, "Lero Nsapato Imodzi ikuoneka, sikugwa mvula."

Chimene palibe amafunsa n'chakuti ine ndinali kuti. Ndinali pamwamba pomwepo, maola asanu ndi theka, mapazi ali pamtunda, nditagwira mwendo wa Bambo kuti usagwedezeke. Ndinawafunditsa juzi yanga. Atasanza ndinawapukuta ndi siketi. Atayamba kuwodzera ndinaopa kuti akagona sadzukanso, ndiye ndinatsegula buku lobiriwira lija n'kuwawerengera mvula ya chaka chonse kuyambira Januwale, nambala ndi nambala, mano akugundana. Koma palibe phiri limene limatchedwa dzina la munthu amene anangokhala.

Kusukulu, aphunzitsi a jogalafe anafunsa tsiku lina mmene malo amapezera mayina. Kalasi yonse inatembenukira kwa ine. "Afunseni awa, ndi mng'ono wake wa Nsapato Imodzi!" Aphunzitsi anati ndiimirire ndifotokoze. Ndinaimirira, ndinayang'ana desiki, ndinati, "Achemwali anathamanga." Kenako ndinakhala pansi. Anandiombera m'manja m'malo mwa achemwali.

Achemwaliwo tsopano amaluka tsitsi pa saluni ina pafupi ndi depoti ya mabasi. Kasitomala akakhala pansi, mutu wake uli m'manja mwawo, sangathawe. Nkhani ija imanenepa chaka ndi chaka. Chaka choyamba anangotsika m'nkhungu. Chachiwiri kunagwa matalala. Chaka chino mwalowa kambuku, amene anawayang'ana m'maso n'kupatuka yekha. Ine ndikawapititsira chakudya masana, amandiloza ndi chipeso.

"Uyu ndi mng'ono wanga, Kalaliki. Salankhula, koma musadandaule, ndi wamoyo."

Makasitomala amaseka, ine ndikuyang'ana tsitsi limene lili pansi. Amanditchula Kalaliki chifukwa chichitikire ngozi ija, ndine amene ndimawalembera Bambo buku lobiriwira. Ndipo m'bukumo ndi mmene ndinkabwezera. Bambo sakweranso kunsonga kuja, ndiye wocheka matabwa wina ankakayeza n'kutumiza nambala pa kapepala kong'amba ku paketi ya sopo. Ndikamakopera, pa danga la dzina la malo ndinkalemba kuti "Nambala 5." Miyezi makumi atatu ndi isanu ndi umodzi, dzina linalo sindinalilembepo ngakhale kamodzi. Palibe anazindikira. Kubwezera kumene mnzako sakukuona kumangokutopetsa wekha.

Sabata imene ndinamaliza mayeso a Fomu 4, kunyumba kunabwera amayi ena a ku ofesi ya mapu. Anali aafupi, ovala nsapato zachimuna, magalasi atawakwezera pamutu. Anayala mapu patebulo n'kutsamiza makona ake ndi makapu athu.

"Tikukonza mapu atsopano," anatero. "Apa pali kadontho chabe ndi nambala. Aliyense amene ndamufunsa, kuyambira kumsasa mpaka kudepoti, akundilozera nyumba ino."

Bambo anali ataimirira kale, ndodo m'khwapa, dzanja lili pamwamba pa kabati. Amayi anga anaimbira foni achemwali, ndipo sipanathe mphindi khumi anatulukira ali wefuwefu, chipeso chili m'tsitsi. Anafotokoza zonse, akuyendayenda pabalaza, akusonyeza ndi manja. Kambuku analimo. Tsopano anali ndi mwana.

Amayi a mapu anaseka mpaka magalasi anagwera pamphuno. "Kambukuyo muwasungire makasitomala, mwana wanga. Ine ndikufuna zolembedwa. Dzina likamalowa pa mapu pamafunika pepala lofotokoza kumene linachokera, losainidwa ndi munthu amene anaona. Tidzakhomanso chikwangwani poyambira njira. Amalemba bwino ndani muno?"

"Tili naye kalaliki wathuwathu," anatero Bambo osatembenuka n'komwe, akungoloza kumbuyo ndi chala chachikulu. "Wangomaliza kumene sukulu. Alemba, asainanso, poti analipo."

"Analipo?" Amayiwo anandiyang'ana koyamba chilowere m'nyumba. "Unalipo iwe?"

Ndinagwedeza mutu.

"Chabwino. Ndidutsa Lachisanu."

Ndinalemba masiku awiri, nditakhala pabedi, buku la masamu lili pamaondo ngati tebulo. Sindinanamemo, zimenezi ndikufuna mudziwe. Ndinalemba kuti achemwali anapita kuphiri ndi masandasi a pulasitiki chifukwa cha anyamata. Ndinalemba kuti Bambo atagwa, iwo analira mokuwa n'kuyang'ana kumbali, osafuna kuuona mwendowo. Ndinalemba kuti nsapato imene phiri likutchulidwira ndi yanga, ya kanyenyezi, ndipo ndinaivula ndekha. Ndinalemba za maola asanu ndi theka, za juzi, za masanzi, za zala zanga za kumapazi zimene zinachita dzanzi mpaka mawa lake. Kuthamanga kwa achemwali ndinakupatsa mizere iwiri. Nditawerenga ndinamva kukoma, kukoma kuja amamva munthu akamakanda chilonda.

Lachinayi m'mawa ndinali kuseri ndikuchapa. Nditabwerera kuchipinda ndinapeza achemwali atakhala pabedi langa, mwendo pa unzake, pepala lili m'manja. Ankafuna cholembera m'chikwama changa.

"'Mtsikana wamkuluyo,'" anawerenga mokweza, ndi mawu a munthu wa pa wailesi, "'amene anavala masandasi osayenera ulendo.' Ee! Mtsikana wamkuluyo ndiye ine? Tinadziwana kuti, akalaliki?"

"Ndipatseni pepala langa."

"Dikira, pali pokoma. 'Analira mokuwa.' Zoona, ndinalira. Ukanawonjezera kuti mamina anafika pachibwano, ukanapeza malikisi onse."

"Achemwali, ndipatseni."

Anapitiriza, koma tsopano chamumtima, milomo yokha ikuyenda. Kuseka kunayamba kuchepa mpaka kunatha. Atafika kumapeto anapinda pepalalo bwinobwino pakati n'kuliika pa pilo.

"Mulibe bodza," anatero. "Wakhoza. Koma pakati pa 'analira' ndi 'ndinavula nsapato' pali dzenje. Munthu angathyokemo mwendo."

Ndinapukuta thovu la sopo pa siketi.

"Bambo anayamba kutuma ndani?" anafunsa achemwali.

"Iwe uli ndi phiri lonse!" Mawuwo anatuluka okha. Chibadwire ndinali ndisanawanenepo kuti iwe. "Uli ndi phiri, uli ndi kambuku, uli ndi pamwamba pa kabati. Ine ndikungofuna tsamba limodzi, nalonso ukulifuna?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati kasitomala wachilendo.

"Tenga tsambalo, mwana iwe. Tenga ndi phiri lomwelo ngati ungalisenze. Koma ukafuna kulowa m'nkhani, ulowe wathunthu. Osalowetsa mutu wokha, matako n'kusiya panja."

Ananyamula chikwama chawo. Ali pakhomo anatembenuka. "Ndatenga cholembera chako chofiira." N'kutuluka.

Ndiye nali dzenje lija. Bambo atagwa, atapezako mpweya, anayang'ana ine. Ndine amene ndinali ndi nsapato zabwino. Ndine amene ndinali wothamanga wa kalasi yathu, satifiketi yake ilipo mpaka lero. Ndine amene ndinali nditakwerapo nawo kawiri, njira ndinkaidziwa. Anati, "Thamangira kumsasa, mwana wanga." Ndinayang'ana kumene njira inalowera. Kunali koyera kokhakokha, kopanda mtengo, kopanda mwala, kopanda pansi. Miyendo inakana. Anabwereza, mokalipa. Ndinati, "Sindingathe, ndikuopa," ndipo ndinagwira malaya awo ngati kamwana ka zaka zitatu. Achemwali, mamina ali pachibwano, anandikankha phewa nati, "Vula." Ndinavula. Kupereka kwanga konse kunali kumeneko. Nsapatozo zinkawachepa, ndiye anangopondereza kumbuyo kwake ngati masilipasi, n'chifukwa chake ina inavuka m'matope.

M'nkhani zonse za ku saluni, za matalala ndi za kambuku yemwe, achemwali sanatchulepo zimenezi. Ndinali ndisanaganizirepo bwinobwino kuti n'chifukwa chiyani. Kapena ndinkaganiza, koma ndinkafulumira kusiya.

Dzuwa litapendeka ndinawapeza Bambo pakhonde akutsuka galasi loyezera ndi kansalu komangirira ku waya. Ndinakhala pansi, pafupi ndi mwendo wokhota uja.

"Bambo, mumadziwa kuti nsapato ija ndi yanga?"

"Ndinagula ndine. Ndingaiwale?"

"Nanga bwanji simuwauza alendo?"

Anauzira mpweya m'galasimo n'kuliyang'anitsitsa padzuwa. "Chabwino, ndinene kuti nsapatoyi ndi ya wamng'onoyu. Mlendo, poti ali ndi pakamwa, afunse kuti nanga mwini nsapato osathamanga yekha bwanji? Ndiyankhe kuti chiyani, iwe uli kuseri kwa chitseko ndi thireyi?"

Sindinkadziwa kuti amandiona.

"Munakwiya tsiku lija?"

"Kwambiri. Mphindi khumi. Kenako mwendo unandilanda mkwiyo wonse." Anaseka pang'ono. "Unandiwerengera mvula ya chaka chathunthu. Pa Malichi unalakwitsa, unawerenga mzere wa Nambala 3."

"Munali maso?"

"Ndikanagona bwanji munthu akundiwonongera buku?"

Ndinkafuna anene zambiri. Ndinkafuna anene kuti popanda ine akanafa. Sananene, ndipo mwina si zoona. Anangondipatsa galasi kuti ndikaliike m'bokosi lake.

Ndinalembanso. Anakwana masamba atatu. Dzenje lija ndinalikwirira ndi mawu ake enieni: "Bambo anatuma wamng'ono, koma anakana chifukwa cha mantha." Chiganizo chimenecho ndinachiyeserera kanayi pa pepala lina. Za masandasi ndinasiyamo, za anyamata ndinachotsa. Pa maola asanu ndi theka sindinachotse ngakhale mphindi imodzi, ndipo ndisaname, ndinadula mzere kunsi kwake. Mumtima ndinkati amayi a mapu akawerenga adzati, mwana uyu ndi wolimba mtima, wadziulula yekha, ndipo adzandiika pa chikwangwani. Ngakhale kulapa kwanga kunali ndi nsanje m'kati.

Lachisanu amayiwo anawerenga ali chiimire pafupi ndi galimoto, injini ikulira. Anatembenuza tsamba loyamba, lachiwiri, anaima pang'ono, anandiyang'ana kudzera pamwamba pa magalasi, n'kupitiriza.

"Aphunzitsi ako anagwira ntchito," anatero. "Saina apa. Izi zikalowa mu fayilo."

"Nanga pa chikwangwani?" Mawu anga anatuluka aang'ono.

"Pa chikwangwani pamalowa mizere iwiri basi, mwana wanga. Munthu wokwera phiri sawerenga buku."

Chinabwera patatha mwezi ndi theka, chachitsulo, chobiriwira, cha zilembo zoyera. Bambo anapita kukaona akuchikhoma, anabwera atakopera mawu ake pa kapepala. "NSAPATO IMODZI. Dzinali linachokera kwa mtsikana amene anatsika phirili ndi nsapato imodzi kukaitana anthu odzapulumutsa bambo ake." Basi. Ine ndili mu fayilo, mu ofesi imene sindinaionepo, pamodzi ndi mantha anga onse, nditasainira kunsi.

Pepala loyeserera la masamba atatu aja ndinalisiya dala pa pilo wa achemwali. Anangobweza cholembera chofiira, ndipo Lamlungu lake anandikhazika pansi n'kundiluka tsitsi ndisanapemphe, akukoka mpaka misozi. Ku saluni kambuku akadalimo.

Mwezi womwewo ocheka matabwa anasamukira kunkhalango ina, ndipo wotiyezera uja anapita nawo. Nambala 5 inatsala yopanda munthu. Bambo anati alembera kalata ku ofesi kuti apeze wina.

"Mulemberenji kalata?" anatero achemwali akudula zikhadabo. "Phiri langa lomwe? Tipita ndi Kalaliki."

Amayi anakana, achemwali analankhula mpaka Amayi anatopa. Tsiku lomaliza la mwezi, dalaivala wa ku ofesi anatitula pa chikwangwani n'kutiuza kuti ikakwana thili koloko iye anyamuka, tilipo kaya palibe. Achemwali anali atavala majombo a Bambo ndi masokosi awiriawiri. Anandipatsa foni.

"Undijambule bwino, mawu onse aoneke. Osadula mutu, ndikudziwa mtima wako."

Ndinawajambula katatu. Mutu sindinadule.

Tinakwera maola awiri ndi theka. Achemwali analankhula ola loyamba lonse, lachiwiri anayamba kusunga mpweya. Titafika pakhwawa lija anaima n'kuloza ndi chibwano. "Inatsalira apa penapake." Ndinatsika m'mphepete, ndinatokosa matope ndi kamtengo. Sindikudziwa chimene ndikanachita nayo ndikanaipeza. Kapena ndikudziwa: ndikanaiika pa kabati pafupi ndi inzake, kuti phirilo likhale labodza. Sindinapeze kanthu, ndinangodetsa siketi.

Titawoloka, nkhungu inatipeza. Inabwera mwakachetechete kuchokera kumbuyo, inameza chigwa, inameza khwawa, kenako inameza mtengo umene tinali titangoudutsa. Achemwali anakhala pamwala n'kuvula jombo ya kumanja ndi masokosi onse awiri.

"Chidendene chayamba," anatero. "Kukazizira chimatere."

Timagona chipinda chimodzi, koma chipsera chimenecho ndinali ndisanachiyang'anitsitsepo. N'chachitali, chimayambira kuchidendene mpaka pakati pa phazi, chotuwa, chokwinyika m'mbali. M'nkhani za ku saluni sachitchula kwenikweni. Kambuku amawakomera kuposa.

"Tidikire nkhunguyi ipite," ndinatero.

"Iyi siipita. Ndipo dalaivala uja nkhope yake si ya munthu wodikira. Tenga galasi, buku uli nalo kale. Kwatsala pang'ono, ukudziwa."

"Ndekha?"

"Ayi, ndi kambuku."

Mpaka lero sindikudziwa ngati chidendenecho chinkawawadi. Sindinafunse. Ndinakoleka bokosi la galasi paphewa n'kuyang'ana kumene njira inalowera. Kunali koyera komwe kuja. Ndinaponda kamodzi, kenako kachiwiri.

"Kalaliki!" anakuwa achemwali kumbuyo, nditasiya kale kuwaona. "Ubwere nazo zonse ziwiri nsapatozo! Phirili lili kale ndi dzina!"

Bambo anapaka kale timadontho ta penti yoyera pamiyala ya m'njira. M'nkhungu sumaona kadontho kachiwiri usanafike pa koyamba. Ndinkafika pa kamodzi, n'kukagwira ndi dzanja, n'kuima mpaka kena kaoneke. Pena ndinakwawa. Pena ndinalira pang'ono, poti panalibe woona. Ndinkaganiza za munthu amene anadutsa pamenepa akuthamanga, chotsika, njira asakuidziwa, atavala nsapato za mwana. Sindinafune kuganiza zimenezo, koma panalibe china choganiza.

Chitini ndinachita kuchigunda ndi bondo ndisanachione. Ndinachotsa fanulo, ndinakhuthulira madzi m'galasi, ndinawerama kuti diso lilingane ndi mzere monga amachitira Bambo. Linadzaza kanayi, n'kutsala pang'ono. Mamilimita 213. Ndinakhala pamwala womwe uja, ndinaudziwa ndi kuzizira kwake, n'kutsegula buku pamaondo. Ndinalemba tsiku, ndinalemba nambala. Pa danga la dzina la malo cholembera chinaima. Pamwamba pake panali mzere wa ma "Nambala 5" anga, owongoka ngati asilikali. Ndinakhala nthawi ndithu, mpaka pepala linayamba kunyowa. Kenako ndinalemba kuti Nsapato Imodzi. Ndinalemba ndi tizilembo tating'ono kwambiri, koma timawerengeka.

Nditatsika, achemwali sanandiyang'ane kumaso. Anayamba ndi kumapazi.

"Imodzi, ziwiri. Wakhoza. Tiye, dalaivala wako uja atisiya."

Anavala jombo mofulumira kuposa munthu wodwala chidendene.

Kunyumba Bambo anatsegula buku patebulo n'kuyendetsa chala pamzere. Chinafika pa danga lija, chinaima pang'ono, chinapitirira.

"213? Kwagwa mvula kumtundaku," anatero, n'kutseka.

Zotsatira za mayeso sizinatuluke, ndiye pakadali pano wokwera kumeneko ndine. Ndapitako kawiri tsopano, ndekha kuyambira pa chikwangwani. Ndikamachidutsa sindichiwerenga, koma mawu ake ndimawadziwa pamtima. Sabata yatha ku saluni ndinamva achemwali akuuza kasitomala kuti mng'ono wawo amawayang'anira phiri lawo. Kasitomalayo anandiyang'ana nati, "Mwayi wake, kukhala ndi mkulu wotchuka." Ndinamwetulira. Pansi pa nthiti panandiluma pomwe pamandiluma nthawi zonse.

Loweruka lapitali Amayi anadzuka ndi msana, ndiye pa kabati ndinapukuta ndine. Nditamaliza mbale ndi chithunzi ndinatsitsa nsapato ija, ndinakweza kalilime. Kanyenyezi kanali katayamba kufufutika, nsonga ziwiri sizinkaonekanso. Ndinamvetsera ngati kukubwera munthu. Kenako ndinatenga cholembera chabuluu n'kukadetsanso bwinobwino, nsonga zonse zisanu.